Kodi Nkoyenera Kugawa Mankhwala ndi Maere?

Odwala awiri agona m'cipinda cimodzi ca cipatala. Nthenda yao ndi imodzi, msinkhu wao ndi umodzi. Dotolo ali ndi mankhwala atsopano, ndipo apatsa mmodzi, namana mnzaceyo. Koma cosankha wolandira si nzeru ya dotoloyo ai, ndi maere. Munthu wa mtima wacifundo pakumva ici adzati ndi nkhanza, pakuti moyo wa munthu si cinthu coucitira maere. Komatu mankhwala ambiri amene ali kucilitsa anthu m'zipatala lero anadziwika mphamvu yace mwa njira yomweyi. Mlandu wotere suweruzidwa ndi mkwiyo woyamba. Ufunika kuukhalira pansi monga acita akuru pa bwalo, ndi kumva mbali zonse.

Coyamba kufunsa ndi ici: cifukwa ninji madotolo sangopatsa onse mankhwalawo, naona ngati acira? Mlimi aliyense adziwa yankho lace. Akathira manyowa m'munda wonse, cimanga nicita bwino, sangathe kunena ngati cacita bwino ndi manyowawo kapena ndi mvula ya caka cimeneco. Koma akaugawa mundawo pakati, nathira mbali imodzi yokha, mvula ndi dzuwa zikhala zimodzi pa mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kumene kudzaoneka pokolola ndi kwa manyowa. Momwemonso ndi nthenda. Odwala ena acira okha, ena amwalira angakhale asamalidwa bwino, ndipo popanda gulu lina lolinganiza nalo palibe wodziwa cimene mankhwala acita.

Nanga maere alowapo bwanji? Dotolo ndi munthu, ali ndi maso ndi mtima. Akasankha yekha, kapena adzapatsa mankhwala atsopano kwa odwala amene aoneka kuti ali ndi mphamvu, kapena cifundo cidzamkokera kwa amene ali pafupi kufa. Ndipo magulu awiriwo sadzalingana. Maere alibe mbale, sadziwa mwana wa mfumu kapena mwana wamasiye. Agawa amphamvu ndi ofoka mofanana ku mbali zonse ziwiri.

Mayeso ochuka a mtundu umenewu anacitika ku Britain. M'caka ca 1943, pa sukulu yaikuru ya Rutgers ku America, Albert Schatz, wophunzira wa Selman Waksman, anapeza mankhwala ochedwa streptomycin mwa tizirombo tokhala m'dothi. Anali mankhwala oyamba kuonetsa mphamvu yeniyeni pa tizirombo ta cifuwa cacikuru, nthenda imene anthu aicha TB. Nkhondo yaikuru itatha, Britain inali yosauka, ndipo inatha kugula makilogalamu 50 okha. Odwala anali ambirimbiri, mankhwala ocepa. Pamenepo bungwe la Medical Research Council, mothandizidwa ndi katswiri wa ciwerengero Austin Bradford Hill, linasonkhanitsa odwala 107 a zaka za pakati pa 15 ndi 30, onse a TB yoopsa ya mapapo onse awiri. Gulu la wodwala aliyense linalembedwa m'envulopu yomata, monga mwa manambala ogwa mwa maere, ndipo dotolo sanadziwe za m'katimo kufikira wodwalayo atalandiridwa kale. Odwala 55 analasidwa nyeleti kanai pa tsiku, magalamu 2 tsiku lililonse, kwa miyezi 4, pamodzi ndi kupumula pa kama. Odwala 52 anangopumula pa kama, pakuti ndico cithandizo cimene cinalipo masiku amenewo. Zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 1948. Pakutha miyezi 6, mwa 55 aja anamwalira 4. Mwa 52 aja anamwalira 14.

Apa ndipo pagona kulemera kwa mlandu. Wotsutsa adzati: Anthu 14 aja anali ndi amao ndi atate ao, wodwala si munda wa cimanga kuti amsiye dala wopanda manyowa. Mau amenewa ndi oona, ndipo sayenera kucepetsedwa. Koma pali zinthu zitatu zoti ziikidwe pa muyeso. Coyamba, mankhwala sanali okwanira onse. Ngakhale popanda mayeso, ocuruka akadamanidwa ndithu, ndipo olandira akadakhala olemera ndi odziwika. Caciwiri, panalibe munthu wodziwa bwino lomwe ngati phindu la streptomycin liposa zoipa zace, pakuti mankhwalawo aononga m'kati mwa khutu, nabweretsa cizungulire, pena ndi kugontha. Cacitatu, pa TB ya m'bongo, imene inapha pafupifupi aliyense woigwira, madotolo omwewo sanacite maere konse, koma anapatsa mankhwala kwa odwala amene anawalandira, popeza pamenepo mmodzi yekha wocira anali umboni wokwanira. Cikhalirebe cirema cimodzi pa nchito yaoyo: odwala sanauzidwe kuti ali m'mayeso. Masiku ano kubisa kotere nkoletsedwa.

Ndipo wotsutsa aiwala kuti kusayesa nako kuli ndi manda ace. M'zaka za m'ma 1920 kunabuka mankhwala a TB opangidwa ndi golidi, ochedwa sanocrysin, ndipo madotolo a maiko ambiri anawatama, nawapereka kwa odwala zaka zambiri. M'caka ca 1931 madotolo ena a ku Michigan, ku America, anasindikiza za odwala 24 amene anawagawa magulu awiri, naponya ndalama m'mwamba kuti isankhe gulu lolandira. Olandira golidi sanacire koposa anzao. Ambiri a iwo anabvulazidwa ndi mankhwalawo, ndipo mmodzi anafa nao. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dotolo wopereka mankhwala osayesedwa kwa odwala onse nayenso ali kuyesa pa matupi a anthu. Kusiyana kwace nkwakuti iye saphunzirapo kanthu, ndipo colakwa cace cipitirira kwa odwala a mawa.

Mayeso a streptomycin anaululanso cinthu cimene maso a dotolo mmodzi sakadaciona msanga. Mwa odwala ambiri olasidwa nyeleti, tizirombo tinaleka kumva mankhwala m'miyezi yowerengeka. Ndipo patapita zaka 5, oposa theka anali atamwalira m'magulu onse awiri. Cifukwa cace ndi ici: mwa tizirombo tosawerengeka ta m'mapapo, tilipo towerengeka tobadwa tolimba pa mankhwala amodzi. Mankhwala akapha tofoka, tolimbato titsala ndi malo onse, niticurukana, monga maudzu osazulidwa ndi mizu adzaza munda wolimidwa. Potero bungwe lomwelo linayesanso, ndipo m'caka ca 1950 linaonetsa kuti kuphatikiza streptomycin ndi mankhwala ena ochedwa PAS kucepetsa kwambiri bvutoli, pakuti kacirombo kolimba pa mankhwala awiri pamodzi nkosowa. M'caka ca 1952 panabwera isoniazid. Pa maziko amenewa pamangidwa cithandizo ca lero, camene wodwala TB wamba amwa mankhwala a mitundu 4 kwa miyezi 2, ndi mitundu 2 kwa miyezi 4 yotsatira, nacira.

Koma asayese munthu kuti dzina la kufufuza liyeretsa kanthu kalikonse. Ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama ku America, nthambi ya boma yoyang'anira umoyo inayamba m'caka ca 1932 kulonda amuna akuda 600, alimi osauka. 399 mwa iwo anali ndi cindoko. Sanauzidwe dzina la nthenda yao, koma anangouzidwa kuti ali ndi magazi oipa. Pofika 1947 penicillin anali atadziwika kuti acilitsa cindoko, koma amunawo sanapatsidwe, cifukwa ofufuza anafuna kuona m'mene nthendayo imalizira munthu. Zimenezi zinapitirira kufikira 1972, pamene manyuzipepala anaziulula. Ndipo m'caka ca 1997 President Bill Clinton anapepesa m'dzina la dziko lace. Kumeneko kunalibe cikaiko pa mphamvu ya mankhwala, mankhwala sanali osowa, ndipo anthu ananamizidwa. Cimene ku Britain cinali kugawa zocepa mosakondera, ku Tuskegee cinali kumana dala munthu moyo wace. Pofuna kuchinga zoipa zotere, bungwe la madotolo a dziko lonse linagwirizana malamulo ku Helsinki m'caka ca 1964, ndipo mutu wace ndi wakuti ubwino wa munthu woyesedwa uposa phindu la cidziwitso.

Dziko la Zambia nalo lasenzako katundu ameneyu. Kuyambira 2001, pa cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital mu Lusaka, Professor Chifumbe Chintu ndi anzace anayesa mankhwala a cotrimoxazole, amene ambiri awadziwa ndi dzina la Septrin, pa ana a zaka za pakati pa 1 ndi 14 okhala ndi kacirombo ka HIV. Funso linali lakuti, kodi kumwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kungachinjirize anawo ku cibayo ndi nthenda zina? Cikaiko cinalipo coona, popeza tizirombo tambiri ta m'dera lino tinali titaleka kale kumva mankhwalawo, ndipo ena anati sadzathandiza kanthu. Makolo ndi olera ana anafunsidwa, nabvomera. Maere anagawa anawo: ena analandira mankhwala, ena cinthu cofanana nao maonekedwe koma copanda mphamvu. Panalinso kabungwe kapadera koyang'ana ziwerengero nchito iri m'kati. Mu October 2003 kabungweko kanalangiza kuti mayeso aleke nthawi isanakwane, pakuti yankho linali litaoneka. Mwa ana 265 olandira mankhwala anamwalira 74. Mwa ana 269 a gulu linalo anamwalira 112. Pomwepo ana otsalawo anapatsidwa mankhwala enieni, ndipo m'caka ca 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analimbitsa langizo lakuti ana otere azilandira cotrimoxazole. Mankhwala otsika mtengo, amene akadanyozedwa popanda umboni, anapulumutsa ana m'maiko ambiri.

Milandu inai imeneyi ikaikidwa pamodzi, ciweruzo cioneka. Kugawa mankhwala ndi maere nkololeka pokhapo zinthu izi zikhalapo zonse. Pakhale cikaiko coona, cakuti madotolo oona mtima sadziwa njira yoposa inzace. Pamene cithandizo cabwino cadziwika kale ndipo cilipo, palibe woyenera kumanidwa. Munthu auzidwe zonse m'cinenero cace, nabvomere mwa ufulu, kapena kholo limbvomerere mwana. Pakhale alonda osadya nao phindu, okhala ndi mphamvu yoimitsa nchito pamene yankho laoneka kapena coipa cabuka. Ndipo phindu la cidziwitso libwerere kwa anthu amene anasenza ngozi yace, lisangowolokera kutsidya la nyanja. Cikasowa cimodzi mwa izi, maere asanduka cophimba nkhanza. Ngakhale zikhalepo zonse, mtima sukhala mbee, pakuti ana 112 aja sabwera. Koma bvuto lace lagona m'umbuli wa anthu, umene sucoka popanda mtengo, ndipo wokana kuyesa alipiritsa mtengowo kwa anthu ocuruka koposa, osawerengedwa ndi munthu.

Kwa munthu wa kumudzi nkhani iyi iri ndi mbali ziwiri. Akapemphedwa kulowa m'mayeso, iye kapena mwana wace, ali nao ufulu wa kufunsa: Mufuna kudziwa ciani? Coopsa cace nciani? Gulu linalo lilandira ciani? Ndikabvulala adzandisamala ndani? Safunsa anadya phula. Ali naonso ufulu wa kukana, ndi wa kuturuka pakati pa njira, osataya cithandizo cace ca pa cipatala. Wobvomera acita nchito yaulemu, yothandiza anthu amene sadzawaona, wokana sanalakwe.

Mbali yaciwiri ndi mangawa. Cidziwitso ca kamwedwe ka mankhwala cinagulidwa ndi miyoyo ya odwala aja, ndipo cingathe kutayika m'manja mwa osasamala. Alexander Fleming, amene anapeza penicillin m'caka ca 1928, anacenjeza polandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1945 kuti munthu womwa mankhwala ocepekera aphunzitsa tizirombo kulimba, nadzapatsira ena tizirombo tosamva mankhwala. Wodwala TB amene aleka kumwa pa mwezi waciwiri cifukwa thupi layamba kubwerera, asiya m'cifuwa mwace tizirombo tolimba, ndipo pokhosomola atipatsira mkazi wace ndi ana ace. TB yosamva mankhwala ifuna cithandizo cobvuta ndi codula koposa. Wogula makapisozi pa msika cifukwa ca cimfine ataya ndalama, pakuti cimfine cidza ndi mavairasi amene mankhwala otere sawakhudza, ndipo azoloweretsa tizirombo tina ta m'thupi mwace. Wogawira mnansi mibulu yace ayesa acita cifundo, koma asiya anthu awiri ocira mwa theka. Tsono womwa mankhwala monga anamuuzira a cipatala, pa nthawi yace ndi masiku ace onse, sadzisamala yekha ai. Asungira mudzi wonse mphamvu ya mankhwalawo, kuti mwana amene adzadwala cibayo caka ca mawa adzapeze kanthu komcilitsa.