Kuthamanga pa Madenga



Usiku wathawu ndinatsegulanso Mirror's Edge, gemu imene kampani ya DICE ya ku Sweden inatulutsa mu 2008. M'menemo umakhala Faith, mtsikana wonyamula mauthenga mobisa, wothamanga pamadenga a mzinda woyera mbee. Umangoona manja ake akugwira khoma, mapazi ali m'malere, n'kumamumva akupuma wefuwefu. Paipi ikafiira, njira ndi yomweyo.

Tili ana tinkangofuna liwiro, tikulimbirana kompyuta imodzi. Tsopano ndaona china. Ukatola mfuti yaikulu imakulemera, liwiro n'kutha. Anthu amene anapanga gemuyi ankafuna kuti uzithawa m'malo mopha, ndipo ndimawalemekeza pa chimenechi.