Ndani wakutembenuzani maso?



M'mawa uno titsegule Agalatiya mutu 3 ndime 1. Paulo akudzudzula mipingo imene anaibzala yekha, kudera limene lero lili m'dziko la Turkey, ndipo akufuna kudziwa amene anawalodza. Liwu la Chigiriki limene analemba pamenepa ndi baskaino, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse silipezekanso pena. Agiriki ankalitchula ponena za munthu wa diso la njiru, amene ankamuopa kuti akangoyang'anitsitsa mwana kapena chiweto, chidwala. Linkanenanso za kuneneza mnzako ndi kumuipitsira mbiri.

Komatu ku Galatiya palibe anakwirira nsupa pakhomo pa tchalitchi. Kunangofika aphunzitsi a pakamwa pozuna, akuti chikhulupiriro pachokha n'chosakwanira popanda mdulidwe ndi malamulo a Mose. Chimene chinamupweteka Paulo n'chakuti anthuwa anali atamva za Khristu wopachikidwa momveka bwino, ngati akumuona ndi maso awo, koma mawu a alendo anawachotsa pa zimene ankazidziwa.

Ife a kuno nkhaniyi tisaiyese yakutali. Mu 2002, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, William Kamkwamba, mnyamata wa zaka 14 amene anasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala, anamanga makina a magetsi oyendera mphepo. Anatola zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, nzeru zake n'kuzitenga m'buku la mulaibulale ya pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Babu linayaka anthu akuona, ena n'kumadzatchajirapo mafoni. Koma mvula itavutanso patapita zaka zochepa, panamveka manong'onong'o akuti chinthucho n'cha ufiti, chikuthamangitsa mitambo. Makinawo anali omwe aja. Chinasintha ndi maso a anthu, chifukwa cha mantha ndi mawu oyenda pakamwa.

Ulodzi umenewu ndi umene ine ndimauopa, abale anga. Mnzanu mabelo ake a fodya akagulidwa bwino kumsika wa Chinkhoma, wina amakunong'onezani kuti ali ndi chizimba, inu n'kuiwala kuti munkamuona akuthirira nazale dzuwa likuswa mtengo. Mwana akamwalira ndi malungo, chala chimaloza agogo omwe anatilera, chonsecho lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ndipo wina akabwera ndi botolo la madzi, akuti mugule kuti Mulungu akumveni, ndalama ya feteleza imathera pomwepo.

Tsono lero, wina akakubweretserani nkhani yoipitsa mnansi wanu, kapena yoika mtengo pa chisomo cha Mulungu, musafulumire kuvomera. Mufunseni kuti iye anaona chiyani, inunso mukumbukire zimene munaona ndi maso anu. Ambuye akusungeni tsiku lonse.