Kodi N'kupusa Kukhulupirira Zimene Sunaone?

Anzanga ena a kuntchito amati chikhulupiriro n'cha anthu aulesi poganiza. Amati wanzeru savomera chinthu mpaka atachiona ndi maso, ngati Tomasi wa m'Baibulo uja. Ine sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa changa chili m'ntchito yathu yomweyi yoyang'anira ma router a kampani.

Router imadziwa payokha zingwe zokhazo zimene zalumikizidwa pa iyo. Njira zina zonse imachita kumva kwa inzake. Ya kulikulu ikauzidwa ndi ya kunthambi kuti makompyuta akutiakuti amafikidwa kudzera kwa iyo, imalemba m'tebulo lake n'kuyamba kutumiza data. Ikanakakamira kuti ione kaye, palibe imelo imene ikanafika.

Akandiimbira kuti netiweki yagwa, ndimayamba n'kulemba show ip ospf neighbor. Mu OSPF, imodzi mwa ndondomeko zimene ma router amauzirana nazo njira, pa Ethernet, ma router oyandikana amapatsana moni pa masekondi 10 aliwonse, ndipo ina ikakhala chete masekondi 40, inzake imaiyesa yakufa. Nthawi zina ndimazipeza zitaima pa gawo lotchedwa EXSTART chifukwa ina MTU yake (kukula kwa paketi ya data imene imalola) ndi 1500, inzake 9000, choncho zikukanika kupatsana zimene zikudziwa. Vuto lotere silindisowetsa tulo, chifukwa kusamvana kumaonekera poyera. Chimandiopsa ndi pamene zonse zikumvana bwinobwino koma zikuuzana bodza.

Taonani zimene zinkachitika mu RIP, ndondomeko ina ya ma router. Router yoyamba chingwe chaidukira, njira yafa. Yachiwiri isanamve, ikulengezabe kuti njirayo ili nayo, pomwe inaimva kwa yoyamba yomweyo. Yoyamba ikumva zimenezo n'kuganiza kuti inzake yapeza podzera pena. Zimangotsimikizirana choncho, data ikuzungulira pakati pawo, mpaka chiwerengero chitafika 16, pamene RIP imavomera kuti kumeneko sikufikika. Mankhwala ake amodzi, split horizon, ndi lamulo lalifupi: njira usailengezenso kumbali kumene unaimva.

Pa intaneti yonse bodza limathamanga kuposa apa. Pa 24 February 2008, Pakistan Telecom, pofuna kutsekera YouTube m'dziko mwawo, inalengeza mu BGP, ndondomeko youzirana njira pa intaneti, kuti ma adiresi a YouTube ali kwa iyo. Kampani ya PCCW ya ku Hong Kong inalandira chilengezocho osachisefa, n'kuchifalitsa, ndipo kwa maola pafupifupi awiri anthu ambiri pa dziko lapansi sanathe kutsegula YouTube.

Kodi pamenepa cholakwa chinali kukhulupirira? Ine ndikuti ayi. Cholakwa chinali kulandira osafunsa ngati wolankhulayo ali ndi ulamuliro pa zimene akunena, ndiponso kuiwala kumene nkhani yachokera. Mukalemba show ip route pa router ya Cisco, njira iliyonse ili ndi chilembo kumayambiriro: C ya chingwe chake chomwe, O yomva kwa OSPF, R ya RIP. Ilinso ndi nambala yosonyeza kudalirika kwa gwerolo: 0 pa chingwe chake, 110 pa OSPF, 120 pa RIP. Makinawa amakhulupirira ndithu, koma amasunga dzina la amene anawauza.

Ife anthu timataya dzinalo. Nkhani ya mkulu wa mpingo imene unanong'oneza munthu Lamulungu imakubwerera Lachitatu pa WhatsApp kudzera kwa wina, ndipo umati, "Ndiye kuti n'zoona, nanga winanso akunena zomwezo?" Chilamulo cha Mose chinkafuna mboni ziwiri kapena zitatu mlandu usanagamulidwe, koma mboni ziwiri zimene zinamva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi basi.

Anzanga aja amandiyankha kuti njira ya router timaiyesa ndi ping, lamulo loonera ngati kumeneko kukufikika, nanga za Mulungu tiziyesa ndi chiyani? Funsolo n'lomveka, ndipo ping ya kumwamba ilibe. Komabe mafunso atatu amagwira ntchito konsekonse: wandiuza ndani, iyeyo anamva kwa ndani, ndipo amene anatsata njirayo moyo wawo unafika pati? Tsiku limene tinabadwa, mankhwala amene timamwa, mbiri ya makolo athu, zonsezi tinachita kuuzidwa, ndipo Tomasi wa masiku ano nayenso amazikhulupirira.

Choncho kukhulupirira zimene sunaone si kupusa, ndipo palibe munthu angakhale moyo popanda kutero. Kupusa n'kufalitsa chinthu osadziwa mwini wake, kapena kumva mawu ako omwe akubwerera n'kuwatcha umboni. Musanauze wina, yambani mwadzifunsa kumene munazimva.