Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Akulu anaona pusi akudya chipatso ichi maso ali pa china, mpaka anaphonya nthambi. Mwambiwu umadzudzula munthu wosakhazikika mtima. Koma ine ndimakana kuti tiziuponyera aliyense wokonda zinthu zambiri.

Taganizani za dokotala wa mano amene pamaliro ake anthu akusimba kuti ankakonda kuyenda pabwato, kuyendetsa ndege ndiponso kulima. Kodi ameneyo anagwa chagada? Funsani odwala ake. Ngati mayi wotupa tsaya, amene wachezera usiku wonse ndi dzino, ankamupeza pantchito m'mawa, ndiye kuti nthambi yake anaigwiritsitsa. Kuno ku Namwera munthu amalima fodya ndi chimanga, kenako n'kutsetsereka phiri kukapikula usipa ku Mangochi, ndipo palibe amamutcha pusi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Digiri ya udokotalawu inayamba kuphunzitsidwa mu 2019 ku College of Medicine, mothandizana ndi University of Glasgow. Inu amene mwaphunzira kumeneko, bwerani mudzagwire ntchito kuno. Khasu mudzaligwira ndithu, nyanja siili kutali, koma choyamba odwala mano akukudikirani.