Kodi Sabata Limafika kwa Amayi?

Mwezi wa June, pakati pa usiku, ena onse m'nyumbamo adzikuta ndi mabulangete awiriawiri. Koma mayi wa zaka 49 wakhala tsonga pakama, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati wakwera phiri. Wakankhira chofunda uko, wamwa madzi a mumtsuko, ndipo kutenthako kutangoleka wayamba kunjenjemera. Tulo tathawa. Tambala akalira, ndi iye yemweyo wokoleza moto wa phala la adzukulu.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Mahomoni a estrogen amachepa, ndipo mbali ya ubongo yoyang'anira kutentha kwa thupi imayamba kudzidzimuka ndi zazing'ono. Kusowa tulo, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kufooka kwa mafupa zimatsatira. Si matsenga, ndipo si chilango.

Mwambo wa Achewa umamuona mayi ameneyu mwanjira ina. Pa nkhani za mdulo, mkazi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Wosiya kusamba ndiye amati wazizira, ndipo amathira mchere mopanda mantha, amalangiza anamwali, amakhala nankungwi. Ulemu umenewu ndi weniweni, ndipo sitiyenera kuupeputsa. Koma umabwera utasenza mtolo. Maliro akagwa, wogona m'nyumba ya siwa ndi iye. Mpongozi akabereka, wodikirira kuchipatala ndi iye. Mudzi wonse ukumutcha wozizira pa zaka zomwezo zimene thupi lake likuyaka, ndipo palibe amene wamufunsa ngati anagona.

Apa ndiye pagona funso la chikhulupiriro: kodi akapuma wachimwa? Amayi ambiri opemphera amachita manyazi kugona masana, poopa dzina la ulesi. Amakumbukira mawu a Paulo kwa Atesalonika odzudzula okana ntchito. Komatu Paulo ankanena za anthu ongoyendayenda m'makomo a eni, osati munthu amene wapalira chimanga zaka 30.

Lamulo la Sabata si lachilendo kuno. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902, inatchedwa dzinali chifukwa cha malamulo khumi aja. Koma woliwerenga mofatsa mu Deuteronomo 5 amaona kuti likulankhula kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa thukuta la ena. Limatchula ana, akapolo, ng'ombe, bulu, ngakhale mlendo, ndipo chifukwa chake nchakuti Aisraeli analawapo ukapolo ku Iguputo. Kupuma kumeneku ndi ngongole imene mwini khomo ayenera kubweza kwa amene amamugwirira ntchito.

Mkazi wa mwini khomo satchulidwa pamndandandawo. Omasulira Baibulo ambiri amati nchifukwa choti lamulolo likulankhula kwa iye pamodzi ndi mwamuna wake. Zikhoza kutero. Koma pitani pakhomo pa Mkhristu tsiku lopembedza, kaya Loweruka kaya Lamulungu: bambo atsamira mpando pamthunzi wa mango, mayi ali kukhitchini kutsuka mbale za alendo, yunifolomu ya Mvano kapena ya Dorika akadali nayo m'thupi. Sabata lafika kwa bulu, kwa iye silinafike, ndipo zimenezi zimapweteka mtima. Mpingo umene umalalikira lamuloli uyenera kufunsa abambo ndi anyamata kuti mbalezo adzatsuka liti. Uyeneranso kuphunzitsa poyera kuti zizindikiro za kusiya kusamba zili ndi chithandizo kuchipatala, komanso kuti magazi akabweranso patatha chaka osasamba, mayi apite akapimidwe msanga.

Nkhani ya Eliya mu 1 Mafumu 19 ndi yoyenera kuwerengedwa pamisonkhano ya amayi. Mneneriyo, atathawa Yezebeli, anagwa pansi pa kamtengo m'chipululu atatopa mpaka kupempha imfa. Mngelo sanamulalikire, sanamufunse za chikhulupiriro chake. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, namusiya agonenso, kenako namudyetsanso kachiwiri. Mafunso a Mulungu anadza pambuyo pake, ku phiri la Horebu, patapita masiku 40.