Mphotho ya Wachinayi

Pa mpikisano wothamanga mamita 100 modumpha zotchinga khumi, olandira mendulo ndi atatu oyamba okha. Tobi Amusan wa ku Nigeria anakhala wachinayi ku Doha mu 2019, nakhalanso wachinayi ku Tokyo mu 2021. Mu 2022, ku Eugene, anamaliza m'masekondi 12.12, liwiro limene mkazi wina aliyense anali asanalifikepo.

Ambiri amati kupirira kwake kunapindula tsiku limenelo. Nanga akanapunthwa pa chotchinga chomaliza, tikanati thukuta lake linagwera pachabe? Msilamu sangayankhe choncho. Gawo la munthu ndi niya ndi khama, pomwe zotsatira zili m'manja mwa Allah. Tsono makolo, mwana akalephera mayeso atalimbikira, tiyambe tayamikira khama lakelo tisanamufunse nambala.