Mitengo 300 ya papepala, mitengo 41 ya kuseri kwa nyumba

Kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Ludzi kuli mitengo ya keshya 41. Ndinaiwerenga dzulo madzulo, ndikuigwira umodzi umodzi. Koma mu kompyuta ya kampani ina yogula fodya mitengo yomweyi inalembedwa kuti ilipo 300, ndipo pansi pa nambalayo ndinasainapo ndine.

Chaka chimene ndinalowa ulimi wa kontirakiti, kampaniyo inatipatsa mbewu ndi feteleza pangongole, n'kutiwonjezera mbande za mitengo m'machubu. Fodya wa bale amene ambiri timalima ku Mchinji kuno saumitsidwa ndi moto ngati wa kampopi, komabe amadya mitengo. Chigafa chimafuna mafoloko, mitanda ndi mikangala, ndipo chiswe chikalowamo, pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu nkhwangwa yabwereranso kuthengo. Nzeru ya kampani inali yabwino: dzalani mitengo m'mizere, ikakula idzakhale chigafa chamoyo. Ndinadzala mbande zonse mu Januwale. Mu Febuluwale kunachita ng'amba, zina n'kuuma. Mwa zotsala, zina zinadyedwa ndi mbuzi titamasula ziweto m'chilimwe, zina zinapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa.

Mlangizi anabwera pa njinga yamoto, mnyamata waulemu wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anakhala pampando wa ndalema, natulutsa foni.

"Bambo, mbande zija munadzala zonse?"

"Eya, zonse."

Sindinaname. Iye sanafunse kuti zapulumuka zingati, ine sindinanene, poopa kuti chaka chamawa dzina langa lisowa pa kontirakiti. Anajambula chithunzi mbali imene kunali kobiriwira, ndinasaina, mayi akunyumba anamuninkha mtedza m'kapepala, anapita.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuthandiza mumphakati mwathu kukonzekeretsa ana ku sakramenti la kulapa. N'chifukwa chake pamene mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anandionetsa pafoni limodzi la malipoti amene makampani akuluakulu amatulutsa chaka ndi chaka, ofotokoza mmene akusamalira chilengedwe ndi anthu owalimira, ndinaona chinthu chimene ndimachidziwa. Kampani ikudziyang'ana, ikutchula pamene yalephera, ikulonjeza kusintha pofika chaka chakutichakuti. Mtima unandifunsa: kodi uku n'kulapa? Kodi chinthu chopanda mzimu chingalape?

Mnzanga wina wa mumphakati, amene anakulira pa esiteti makolo ake ali matenanti, amati zonsezi n'chinyengo. Akuti makampani sanayambe kufunsa za ana athu chifukwa chowakonda, koma chifukwa cha mantha. Pa mantha sakunama. Pa 1 Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake, pomuganizira kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf anamasulidwa ku chiletsocho mu 2020 ataonetsa ndondomeko zawo zolondolozera alimi. Mu Disembala 2020 matenanti ndi ana awo zikwizikwi, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anasumira British American Tobacco ndi Imperial ku khothi lalikulu ku London. Makampaniwo akukana mlanduwo, koma mu 2021 woweruza anakana kuutaya usanamvedwe. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo yathu inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Ife a m'midzi sitinawerenge zikalata zimenezi, tinangoona kuti mafunso a alangizi achuluka. Ana anu ali sitandade chiyani? Aganyu mumawalipira ndalama kapena phoso? Mankhwala mumasunga kuti?

Pamene ndimasiyana ndi mnzangayu ndi apa. Mpingo unakambirana kale nkhani ya mantha. Pa msonkhano wa ku Trent, mu 1551, maepiskopi anasiyanitsa chisoni cha mitundu iwiri: cha munthu amene wamva ululu chifukwa walakwira Mulungu amene amamukonda, ndi cha munthu amene akuopa chilango. Chachiwirichi anati n'chosakwanira, koma sanachitaye. Anaphunzitsa kuti nachonso ndi mphatso, ndipo chikhoza kumutengera munthu ku chikhululukiro ngati chimuchotsera mtima wobwerera ku tchimo. Ana ndimawauza kuti ngakhale wabwera chifukwa choopa, lowa ndithu, ugwade. Ndiye ndingakane bwanji ubwino umene kampani yachita chifukwa choopa doko la America? Pali kamtsikana pamudzi pathu pano kamene nthawi yosoka fodya kankakhala m'chigafa tsiku lonse, manja akuda bii ndi utomoni, madzulo n'kumadandaula mutu ndi mseru. Tsopano m'mawa ndimakaona kakudutsa ndi makope m'jumbo. Bambo ake anaopa mlangizi, mlangizi anaopa abwana ake, abwana anaopa ogula a kunja. Mantha okhaokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, koma mwanayo akudziwa kuwerenga.

Chimene chimandisowetsa tulo n'china. Kulapa sikuthera pa chisoni. Ana timawaphunzitsa kuti uyenera kunena zonse, osabisa chachikulu n'kutchula zazing'ono, ndiponso kuti chimene unawononga uchikonze. Apa ndiye pamene lipoti limatsimphina. Munthu akhoza kunena zoona zokhazokha koma n'kubisa choonadi, monga ndinachitira ine pampando paja. Mbande zogawidwa ndi nambala yoona. Alimi ophunzitsidwa ndi nambala yoona. Koma funso limene amayi otola nkhuni angafunse ndi lakuti, kodi ulendo wa kunkhuni wafupika kapena watalika? Ife tikuona ndi maso mmene mapiri a Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, akuyerera chaka ndi chaka. Si fodya yekha, makala ndi njerwa nazo zili ndi mlandu wake, koma wolemba funso la pafomu ndiye amasankha chimene chidzaoneke ndi chimene chidzabisike. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato si' ya mu 2015, anachenjeza kuti udindo wa makampani pa chilengedwe nthawi zambiri umasanduka njira yotsatsira malonda ndi kukometsa dzina. Nditamva mawuwo akufotokozedwa kutchalitchi ndinagwedeza mutu poganiza za anthu a m'maofesi akutali. Za siginecha yanga sindinaganize.

Palinso nkhani ya mtengo wa fodya, imene malipoti sakonda kuikhudza. Mabelo akagulitsidwa ku Kanengo, n'kudula ngongole ya feteleza, thiransipoti ndi misonkho, chotsala ndicho chimanena ngati mlimi adzalemba waganyu wamkulu kapena adzayang'ananso mwana wake. Kuletsa mwana m'munda uku ukugula fodya pamtengo wosakwana kulipira wamkulu kuli ngati kumanga mbuzi pamsipu wouma n'kumaiuza kuti isalowe m'dimba.

Ndiye kodi kulapako akulapira yani? Zakeyu wa ku Yeriko, wokhometsa msonkho uja, analonjeza kugawa theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi zimene analanda, ndipo ananena zimenezi mumzinda womwewo, anthu amene ankamung'ung'udzira ali pafupi. Makolo athu nawonso ankadziwa. Ng'ombe zako zikadya chimanga cha mnzako, nkhani imapita pabwalo, mwini munda ali pomwepo, nyakwawa zikumva, ndipo nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso imapita m'manja mwa wolakwiridwayo. Sunganene kuti ndinapepesa kale kwa anthu a mudzi wina. Koma malipoti awa amalembedwa m'Chingerezi, amawerengedwa ku London ndi ku Geneva ndi anthu amene anaika ndalama zawo m'makampanimo, ndipo pa anthu onse amene zithunzi zawo zili m'menemo sindinakumanepo ndi mmodzi amene anawerengeredwa malipotiwo. Ndikanakonda tsiku lina mlangizi ataima pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu, n'kuwerenga m'Chichewa kuti kampani ikuti m'dera lino yachita zakutizakuti, amayi n'kuyankha kuti apa ndi zoona, apa ayi. Lipoti lotere lingatuluke ndi nambala zochepa, koma lingakhale ndi mboni.

Mantha alinso ndi vuto lakuti amatha. Mu 2022 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani akuluakulu kufotokoza mwatsatanetsatane za chilengedwe ndi ufulu wa anthu, koma pofika 2025 anali atayamba kale kulichedwetsa ndi kulifewetsa. Ndikamva zotere ndimaganiza za kamtsikana kaja. Ngati chingwe chonse chimene chikukasunga m'kalasi chapachikidwa pa mantha a munthu wa kutsidya kwa nyanja, tsiku limene iye adzaleke kuopa kadzabwerera m'chigafa. Mpingo pololera chisoni cha mantha sunanene kuti munthu akhale pomwepo moyo wake wonse. Unati ndi khomo, alowe.

Kampani ilibe mawondo. Amene tili nawo ndi ife: wolemba funso ku ofesi, mlangizi wolifunsa mwachangu kuti afike kwa alimi khumi dzuwa lisanalowe, ndi ine woyankha. Nambala yaikulu ya mitengo imene imasindikizidwa m'malipoti aja ndi nambala zathu zing'onozing'ono zophatikizidwa, ndipo 259 mwa izo ndi mitengo yanga yakufa imene inawerengedwa ngati yamoyo.

Nyengo ya Lenti yapitayi ndinakaulula nkhaniyi. Zimene bambo mfumu anandiuza zikhale za ine ndi iwo. Mwezi wathawu kunabwera mlangizi watsopano, mtsikana, ndipo asanatulutse foni ndinamutengera kuseri kwa nyumba.

"Mayi, werengani nokha. Pakale ndinasainira 300."

Anawerenga kawiri, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mukudziwa kuti izi zikhoza kukuvutitsani?"

Ndinati ndikudziwa. Analemba 41. Za kontirakiti ya chaka chino sanandiyankhebe. Pafupi ndi chitsime ndafesa nazale ya keshya ndi msangu, machubu 259, ndaitchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo ndikudikira mvula ya mu Disembala.